Nsidze Zoikirira Zikayamba Kuwerama

Ife amene timathandiza pa za umoyo mu mpingo tinazolowera mafunso okhudza BP, shuga, phala la mwana ndi madzi akumwa. Zaka zingapo zapitazi pawonjezereka funso lina, ndipo ili silifunsidwa pagulu. Limabwera chamseri pamene tikupinda matebulo, kapena pa foni usiku: "Amayi, mwana wanga anaikitsa nsidze ku saluni chifukwa cha ukwati wa mnzake. Pano zawerama, zikumulowa m'maso. Titani?" Nthawi zina wofunsayo ndi mwini wake, mtsikana wa ku koleji kapena mayi wachitsikana wa pantchito, atavala magalasi akuda dzuwa kulibe.

Tikudziwa kuti owerenga ena anyinyirika kale. Mpingo wathu umaphunzitsa kudzikongoletsa modzilemekeza ndi mosapitirira malire, ndipo ambiri mwa ife sitinaikitsepo nsidze, sitikuganizanso zoikitsa. Nkhani imeneyo ili ndi malo ake, ndipo abusa ndi amayi a Dorika amaikamba bwino kuposa ife. Koma diso likafiira silidikira kuti mtsutso uthe. Chimene taona n'chakuti mtsikana woopa kukalipiridwa amabisa vuto lake, n'kudzitsekera kuchipinda ndi kagalasi ndi kachubu ka supagulu. Ndiye tasankha kuyankha funsolo monga momwe timayankhira mafunso ena onse.

Tikamati nsidze pano tikunena timatsitsi ta m'mphepete mwa chikope, osati za pamwamba pa diso zija ena amazimeta n'kujambulapo ndi pensulo. Ku saluni amangoti ma lashes. Zilipo za mitundu itatu. Zina zimabwera ngati kamzere kamodzi, munthu amamata m'mawa n'kuchotsa madzulo. Zina ndi timagulu, timatsitsi tingapo tomangidwa pamodzi kutsinde. Zachitatu, zimene zimatenga nthawi ndi ndalama zambiri, amamata imodziimodzi: nsidze yopanga imodzi pa nsidze yachilengedwe imodzi, patali pang'ono ndi khungu la chikope, ngati theka la milimita kapena milimita imodzi. Mfundo yofunika kuigwira ndi imeneyi. Nsidze yoikirira ilibe muzu. Imaberekedwa ndi nsidze yanu yeniyeni, ndipo ikawerama ndiye kuti yoberekayo yatopa, kapena yakula, kapena guluu wayamba kutaya. Anthu amayang'ana yapamwambayo n'kumaganiza zoikonza, chonsecho yodandaula ndi yapansiyo.

Chikope cham'mwamba chimakhala ndi nsidze zapakati pa 90 ndi 160, ndipo sizikula pamodzi ngati chimanga chobzalidwa tsiku limodzi. Ina imakhala ikungophuka kumene, ina yakhwima, ina yatsala pang'ono kuthothoka. Munthu aliyense amataya nsidze zingapo tsiku lililonse osazindikira n'komwe. Imene ikukula imatalika pang'ono kuposa gawo limodzi mwa magawo khumi a milimita patsiku, kotero pakatha masabata atatu imakhala yawonjezera mamilimita awiri kapena atatu. Pamene ikukula, malo omatidwa aja amasunthira kutsogolo, kutali ndi chikope. Aliyense amene anagwirapo khasu amadziwa kuti ukaligwira pafupi ndi chitsulo limapepuka, koma ukaligwira kunsonga kwa mpini n'kulitambasula limakukoka dzanja. Khasu ndi lomwelo, chasintha ndi pogwira. N'chimodzimodzi ndi nsidze: katundu amene anali kutsinde tsopano ali kunsonga, ndipo nsidzeyo imazyolika kapena kutembenukira cham'mbali. Kuwerama kotereku, kobwera sabata lachitatu kapena lachinayi, si kulakwa kwa wina aliyense. N'chifukwa chake odziwa ntchitoyi amauza makasitomala awo kuti azibwerera pakatha masabata awiri kapena atatu, kuti achotse zimene zakula n'kuika zina.

Kuwerama kumene kumatidetsa nkhawa ndi kwa masiku oyambirira. Kumeneko kawirikawiri vuto limakhala kulemera. Nsidze zopanga zimagulitsidwa mosiyana kutalika, kuyambira mamilimita 8 mpaka 15 kapena kupitirira, komanso mosiyana kunenepa: 0.05, 0.07, 0.10, 0.15, 0.20. Manambalawa amalembedwa pa kabokosi, ndipo kasitomala ali ndi ufulu wopempha kuti awaone. Ambiri ophunzitsa ntchitoyi amati yoikirira isapose yachilengedwe ndi mamilimita oposa awiri kapena atatu. Koma mtsikana amafika ku saluni ndi chithunzi cha pa TikTok, n'kunena kuti ndikufuna ngati izi, ndipo woikayo, poopa kutaya kasitomala, amamata zazitali ndi zonenepa pa timatsitsi tating'ono tofewa. Kuli ngati kusenzetsa mwana wa zaka zisanu ndowa ya munthu wamkulu. Adzayenda nayo pang'ono, khosi n'kupindika. Zikachitika mobwerezabwereza, muzu wa nsidze umafooka ndi kukokedwa kosalekeza, monga momwe tsitsi la pachipumi limathera mwa amayi oluka zolimba kwambiri. Tonse tawaonapo amayi amene mzere wa tsitsi unabwerera m'mbuyo chifukwa cha mameshi. Chikope nachonso chimatha kuchita dazi lotero, ndipo pena nsidze zake sizibwereranso monga zinalili.

Pali chinthu china chokhudza kutalika chimene chinatidabwitsa titachiwerenga. Mu 2015 akatswiri a pa sukulu ya Georgia Tech ku America anayeza nsidze za nyama zoyamwitsa za mitundu 22, ndipo anapeza kuti pafupifupi zonse zili ndi nsidze zotalika gawo limodzi mwa magawo atatu a kukula kwa diso m'lifupi. Atayesa ndi mphepo anaona kuti pa muyeso umenewo nsidze zimapatutsa mpweya, diso siliuma msanga ndipo fumbi lolowa limachepa. Zikatalika kupitirira pamenepo zimayamba kukokera mpweya ku diso. Choncho mtsikana amene akudandaula kuti chiikitsireni nsidze zazitali maso ake akuuma ndi kuchita ngati muli mchenga sakunama. Ndipo diso louma limayabwa, loyabwa limatikitidwa, ndipo kutikita ndi kumene kumapinda nsidze n'kuthyola guluu.

Tsopano za guluuyo. Guluu wa nsidze zomata imodziimodzi ndi wa mtundu wotchedwa cyanoacrylate, wachibale wa supagulu amene timamatira nsapato, ngakhale kuti wa nsidze amakonzedwa mwapadera. Amauma akakumana ndi chinyezi cha mumpweya. M'nyengo ya dzinja, mpweya uli wonyowa, amatha kuuma asanagwire bwino. M'miyezi youma amachedwa, ndipo nsidze imatha kupendekeka isanakhazikike. Botolo likatsegulidwa mphamvu yake imatha pakangopita mwezi umodzi kapena kuposerapo pang'ono, koma saluni ya makasitomala ochepa imatha kulisunga mpaka litatha. Palinso ena amene sagula n'komwe guluu wa nsidze. Amatenga wakuda uja womatira mawivu kumutu, n'kumata timagulu pakhungu lenileni la chikope, mphindi makumi awiri ntchito yatha. Kumata imodziimodzi moyenera kumatenga pafupifupi maola awiri, munthu atagona chagada, maso ali otseka. Ngati mwana wanu analowa mu saluni n'kutuluka inu musanamalize kugula tomato, dziwani kuti nsidze zake zingapo zamatidwa pamodzi. Zikatero, imene ikukula imakoka inzake imene yaima, ndipo kagulu konseko kamapendama, kamapweteka, mwinanso kuzula nsidze isanakhwime.

Madokotala a maso ku Japan anafalitsa mu 2012 zimene anaona mwa amayi 107 amene anabwera kuchipatala atavutika ndi nsidze zoikirira. Mwa iwo, 64 anali ndi kutupa kwa kakhungu ka pamwamba pa diso, ndipo 42 anali ndi zikope zotupa chifukwa thupi linakana mankhwala a m'guluu. Atayeza maguluuwo anapezamo formaldehyde, mankhwala oluma m'maso ndi m'mphuno. Kumeneko n'ku Japan, kumene malamulo a zamalonda ndi okhwima. Tikanena za kabotolo kopanda dzina kogulidwa pa msika, aliyense adziyankhe yekha.

Kunyumba nakonso kuli adani a nsidzezi, ndipo apa ndi pamene malangizo a pa intaneti amatisiya m'malere, chifukwa olembawo saphika pa mbaula. Nsidze zopanga zambiri ndi za pulasitiki, ndipo kupindikira m'mwamba kuja anakupanga ndi kutentha kufakitale. Kutentha komweko kumatha kuziwongola. Mayi akaweramira pa mphika wa nsima ukubwadamuka, akavundukula poto wa nyemba nkhope ili pomwepo, akauzira moto pa mafuwa kapena kutsegula uvuni n'kusuzumiramo, nsonga za nsidze zimafota ngati masamba a dzungu masana a mu Okutobala. Zikawongoka ndi moto sizibwereranso, ngakhale muzipese motani. Timaseka tokha tikaganiza kuti operekeza mkwatibwi ambiri amaikitsa nsidze Lachinayi kapena Lachisanu, kenako usiku wotsatana ndi tsiku la ukwati amachezera ku mapoto akuluakulu kuthandiza kuphika. Pofika Lamulungu m'mawa, wojambula asanafike n'komwe, nsidze zayang'ana kale pansi. Amene waikitsa aziyamba wapatutsa nkhope akamavundukula mphika, nthunzi ipite kaye.

Mdani wachiwiri ndi mafuta. Ife Amalawi timakonda kudzola, ndipo m'nyengo yozizira Vaseline ndi gilisalini sizisowa pawindo. Mafuta akafika patsinde pa nsidze amalowerera pakati pa guluu ndi tsitsi, yoikirira ija n'kuyamba kutsetsereka ndi kuzungulira. Dzolani nkhope yonse, koma siyani malire a chala chimodzi kuzungulira diso. Wachitatu ndi tulo: wogona chafufumimba amadzuka nsidze za diso limodzi zitaphwanyikira mbali imodzi. Ovala magalasi a maso nawonso, nsidze zikatalika zimagunda galasi pa kuphethira kulikonse mpaka kupindika. Za amayi oyamwitsa sitinena zambiri. Kadzanja ka khanda kamapita pomwe pali chinthu chachilendo.

Koma cholakwika chimene timakumana nacho kwambiri ndi kuopa madzi. Ku saluni amauzidwa kuti asanyowetse nsidze tsiku loyamba, ndipo limenelo ndi langizo labwino. Vuto n'lakuti ena amalitenga ngati lamulo la mwezi wonse. Amasamba nkhope mozemba maso, masabata atatu osakhudza chikope, poopa kuti ndalama zawo zipita ndi madzi. Pamenepo thukuta, mafuta a khungu, fumbi la mumsewu, utsi ndi zopakapaka zimaunjikana patsinde pa nsidze. Litsiro limenelo limalemera, limamata nsidze pamodzi, limafooketsa guluu, ndipo limadyetsa tizilombo. M'mphepete mwa chikope mumafiira, mumachita timfundu ngati ta m'mutu, m'mawa munthu amadzuka ndi manthongo, pena kachithupsa n'kutuluka. Kutsuka ndi kumene kumasunga nsidze, osati kuzithawa. Tsiku loyamba likadutsa, tsiku lililonse munthu asambe m'manja, apange thovu pang'ono ndi sopo wofewa wopanda mafuta, monga shampu wa ana wosungunula m'madzi aukhondo, atseke diso n'kupukuta mofatsa kuchokera patsinde kupita kunsonga. Atsukuluze bwino, agunditse kansalu koyera mopanda kukhuta, ndipo zikauma azipese ndi kaburashi kake kozungulira kaja, kuchokera pakati kupita kunsonga. Thonje ayi, chifukwa ulusi wake umakodwa. Kaburashiko kakhale ka munthu mmodzi. Amene akukumbukira mliri wa maso ofiira umene unayambira ku Karonga mu 2024 n'kufalikira m'maboma ena akudziwa momwe nthenda ya maso imayendera msanga pa thaulo ndi m'manja.

Nanga zikawerama kale? Choyamba ndi chomwechi: tsukani, umitsani, pesani. Nthawi zambiri nsidze zooneka ngati zagwa zimakhala zangomatana ndi litsiro kapena zagonedwa, ndipo zimadzuka. Ngati zatsukidwa koma zina zikadali zozyolika, zimenezo zakula kapena zalemera, ndipo mankhwala ake ndi kuzichotsa. Palibe njira yoimitsira nsidze yotopa powonjezera zinthu pamwamba pake. Masikara, makamaka osachoka ndi madzi aja, amangowonjezera katundu. Kachitsulo kopanira nsidze kuti zipindike kamathyola yoikirira pamodzi ndi yeniyeni. Lumo kapena sizasi pafupi ndi diso, munthu akudziyang'ana pa kagalasi ndi diso limodzi, ndi ngozi yochita kuiitana. Kuzula ndi zala kumachotsa ndi muzu womwe. Ndipo supagulu asayandikire n'komwe. Dontho limodzi limamata zikope pamodzi m'kanthawi kochepa, ndipo likauma limasanduka kachidutswa kolimba kokanda diso. Zoterezi zikachitika, musakanule chikope mokakamiza. Thirani madzi aukhondo ofunda pang'ono kwa mphindi zingapo, phimbani ndi kansalu konyowa, n'kupita kuchipatala.

Kochotsera nsidze ndi kwa munthu wodziwa ntchitoyo, amene ali ndi mankhwala ake osungunulira guluu ndipo amawapaka diso lili lotseka. Ngati mwini wake akufunabe kuikitsanso, apemphe zazifupi ndi zopyapyala kuposa zoyamba. Kupindika kwake nakonso kuli ndi zilembo, J, B, C ndi D, kuyambira zowongoka pang'ono mpaka zopindika kwambiri. Munthu amene nsidze zake zachilengedwe zimaloza pansi, akaikidwa J zimaoneka zowerama kuyambira tsiku loyamba. Woika waluso amayang'ana kaye nsidze za munthu asanatsegule kabokosi, amasamba m'manja, amatsuka zitsulo zake pakati pa kasitomala ndi kasitomala, ndipo amatha kukana kuika zimene munthu wapempha. Woika amene sakana chilichonse ife sitimukhulupirira.

Chimene chimatichititsa kuti tisaitenge nkhaniyi ngati yachibwana ndi zimene tinaona tili ana. Ena mwa ife tinakulira kumidzi kumene kunali agogo ovutika ndi trachoma, nthenda imene imapotoza chikope mpaka nsidze kutembenukira mkati. Agogo otere ankasunga kachitsulo kozulira nsidze, ndipo mdzukulu wa maso akuthwa ndiye ankapatsidwa ntchito yowazula. Nsidze iliyonse yotembenuka inkakanda kagalasi ka kutsogolo kwa diso pa kuphethira kulikonse, mpaka diso kuchita mtambo, munthu n'kusiya kuona. Maboma monga Chikwawa, Nsanje ndi Mchinji anavutika nayo kwambiri. Panapita zaka za ntchito yaikulu, ya mankhwala, maopaleshoni a zikope, madzi ndi kusambitsa ana kumaso, mpaka mu 2022 bungwe la WHO linalengeza kuti Malawi wathana ndi trachoma ngati vuto la umoyo wa anthu ambiri. Nsidze ya pulasitiki yowerama n'kuloza m'diso si trachoma, koma kukanda kwake ndi komweko, ndipo ndi yolimba kuposa ya agogo ija. Kachilonda ka pa kagalasi ka diso kakalowa tizilombo kamatha kusiya chipsera chosachoka.

Choncho pali nthawi imene saluni si kopita. Diso likafiira n'kumapweteka, likamaopa kuwala, likamatuluka mafinya, munthu akamaona mwachimbuuzi, kapena akamamva ngati muli kanthu ngakhale atatsuka, ameneyo apite kuchipatala tsiku lomwelo. Zipatala za maboma zili ndi ogwira ntchito za maso, ndipo zikavuta amatumiza ku zipatala za maso monga za Lions ku Queen Elizabeth mu Blantyre ndi ku Kamuzu Central mu Lilongwe, kapena ku Nkhoma. Akafika anene zoona, kuti anaikitsa nsidze tsiku lakuti ndi guluu wotani. Asadonthezemo mkaka wa m'mawere, madzi a shuga kapena a masamba, ndipo asagule mankhwala odontheza pa msika kapena kubwereka otsala a mnansi. Ena mwa mankhwala amenewo amachotsa kufiira msanga koma amakulitsa chilonda.

Tisiyanitsenso nsidze yowerama ndi chikope chogwa. Chikope chikatupa ndi kuyabwa mbali zonse ziwiri patangopita maola kapena tsiku chiikitsireni, kawirikawiri ndi thupi limene likukana guluu. Nsidzezo zichotsedwe, ndipo munthu wotere akadzaikitsanso, kutupako nthawi zambiri kumabwerera mwamphamvu kuposa poyamba. Koma chikope chimodzi chikagwa mwadzidzidzi popanda kutupa, makamaka munthu akamaona zinthu ziwiriziwiri, mutu ukamapweteka kwambiri, kapena mbali ina ya nkhope ikafooka, imeneyo si nkhani ya nsidze ayi. Kungakhale kuvuta kwa mitsempha, kumene kumachitikanso mwa odwala shuga ndi BP, ndipo n'kofunika kuthamangira kuchipatala osadikira kuti kuche.

Amene wachotsa nsidze zoikirira amadzidzimuka akadziona pagalasi. Zake zimaoneka zazifupi ndi zapatalipatali, ndipo mtima umamuuza kuti abwerere ku saluni mawa lomwe kukabisa. Mbali ina ndi maso chabe amene anazolowera zazitali. Mbali ina n'zoona kuti zina zinathothoka. Ngati muzu sunawonongeke zimameranso, koma zimafuna masabata asanu ndi limodzi kapena asanu ndi atatu, pena miyezi ingapo, kuti zidzaze. Timatsitsi tongophuka kumeneto ndi tomwe sitiyenera kusenzetsedwa kanthu. Pa nthawi yopumayi chofunika ndi madzi aukhondo ndi kusatikita basi.

Kwa operekeza mkwatibwi amene komiti ya ukwati yawalamula kuti onse afanane, ife timati ayambe afunsa ngati n'zofunikadi, chifukwa pa chithunzi cha anthu khumi ndi awiri palibe amene amawerenga nsidze. Zikakanika, za kamzere zomata m'mawa n'kuchotsa madzulo zili ndi chiopsezo chochepa kusiyana ndi zokhala mwezi, bola guluu wake akhale wa nsidze ndipo zisagonedwe nazo. Amene wasankha zomata imodziimodzi apite ku saluni sabata lathunthu ukwati usanafike, apemphe kuti amuike zitatu kapena zinayi zokha pakona pa diso, n'kudikira masiku awiri. Chikope chikayabwa kapena kutupa, akhala atadziwa kukadali nthawi yoti chiphwe asanayende kutsogolo kwa mkwatibwi.